Ndemanga ya chikwapu cholukidwa pamanja ndi chikopa cha kangaroo

Papita miyezi 8 chilandirireni chikwapu chimene ndinaitanitsa kwa mmisiri wina wa kuno ku Queensland, ndipo ndachigwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse pa famu ya ng'ombe imene ndimagwirako ntchito kufupi ndi Rockhampton. Ndi cha mtundu umene anthu a ku Australia amautcha stockwhip, chimene mpini wake ndi wautali ndipo umalumikizana ndi chingwe kudzera m'kachikopa kopinda, moti chingwecho chimagwedezeka momasuka.

Asanayambe ntchito, mmisiriyo anandifunsa msinkhu wanga, komanso ngati ndidzachiliza ndili pa kavalo kapena ndili pansi. Tinagwirizana za chingwe cha mamita 1.8, cholukidwa ndi nkhosi 12.

Ndili mwana, tikuweta ng'ombe kwathu ku Mchinji, tinkapota zikwapu za khonje, ndipo kuti chilire munthu ankachita kutaya mphamvu zonse za phewa. Ichi sichifuna zimenezo. Ndikachikweza mofatsa, n'kudikira kuti chiwongoke kumbuyo, kenako n'kutsitsa mkono ngati ndikuloza chinthu patsogolo, chimalira kuti thwaa, mpaka ng'ombe za kutsidya kwa dambo zimadzutsa mitu. Chinsinsi chili pa kaondedwe kake. Kumpini chimayamba chonenepa ngati chala chachikulu, n'kumaonda pang'onopang'ono popanda chotupa kapena pofooka paliponse, ndipo ndikachisisita ndi zala nditatsinzina sindimva pamene nkhosi ina yathera. Mphamvu ya mkono ikamatsikira m'chingwe chomka chichepa chotere, liwiro limamka likwera, kufikira kansonga kapitirira liwiro la phokoso mumpweya, limene ndi makilomita oposa 1,200 pa ola. Kulira kumene timamvako kumachokera pamenepo, osati chifukwa chakuti chikwapu chamenya kanthu. Chikopa cha kangaroo chimalola luso lotereli chifukwa chimakhalabe cholimba ngakhale achilenge timizere topyapyala kwambiri.

Chimene chandikhudza mtima koposa n'chakuti chigulireni sindinakwapulepo ng'ombe ngakhale imodzi. Ndikaliza kumanzere kwa gulu, gulu limakhotera kumanja, ndipo yotsalira m'mbuyo imathamanga yokha.

Zodandaula zilipo ndithu. Ndinadikira miyezi 4 ngakhale anandilonjeza iwiri, ndipo mtengo wake unali woboola m'thumba. Chinafikanso popanda malangizo alionse a kasamalidwe, zimene ndikuona kuti n'kulakwitsa kwa mmisiri waluso chotere. Masabata oyamba chinali chouma gwa, ndipo posadziwa ndinkachilizira pa bwalo la timiyala, moti kachikopa kowongoka kakumapeto kanaperepeseka msanga. Mnzanga wa pa famu, amene wakulira pa ntchitoyi, ndiye anandilangiza kuti ndiziyeserera pa udzu, ndizipaka kachikopako mafuta a zikopa kawirikawiri, ndiponso ndisachisunge chonyowa kapena padzuwa. Anandiphunzitsanso kupota kaulusi ka nayiloni ka kunsonga, chifukwa kameneko kamatha ndipo mwini chikwapu ayenera kudziwa kukasintha yekha.

Amene mukuyamba kumene, valani chipewa cha mlomo waukulu ndi magalasi oteteza maso, pakuti chinandilasapo pa khutu ndipo ululu wake sindinauiwale. Ine ndaitanitsa kale china chachifupi, cha mamita 1.2, choti ndizigwiritsa ntchito m'khola, momwe malo ndi opanikizika.