Chigayo cha ku Minneapolis chomwe chinaphulika

Nditapita kukaona zidzukulu ku Minneapolis, mkamwini wanga anati tsiku lina, “Mayi, tiyeni mukaone chigayo.” Ndinaseka. Ine wokulira pamzere wa kuchigayo, thumba la mphale pamutu, ndikwere ndege mpaka ku America kukaonanso chigayo?

Malowo ndi Mill City Museum, amodzi mwa malo oposa 20 omwe amayang'aniridwa ndi bungwe losunga mbiri ya chigawochi, Minnesota Historical Society, lomwe linayamba mu 1849. Anaimanga m'kati mwa mabwinja a chigayo cha tirigu cha Washburn A, m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi. Makoma omwe anapsa ndi moto wa mu 1991 sanawagwetse. Ali chiimire, akuda bii, ndipo umayenda pakati pawo.

Chomwe chinandigwira mtima ndi chikepe chachikulu chonyamulira katundu, amachitcha Flour Tower. Mumakhala pamabenchi ngati m'tchalitchi, chikepecho n'kumakwera ndi kutsika nsanjika zisanu ndi zitatu. Chikaima, chitseko chimatseguka, mukuona makina akale, mukumva mawu a anthu omwe anagwiradi ntchito mmenemo chisanatsekedwe mu 1965. Ndi mmenemo ndinamva kuti pa 2 May 1878 fumbi la fulawa linagwira moto, chigayo choyamba cha pamalopa n'kuphulika, anthu 18 n'kufa. Fumbi la ufa! Ndinakumbuka anyamata a kuchigayo kwathu, oyera mbuu mpaka nsidze, wina ndudu ili pakamwa. Wogwira ntchito wina anatisonyeza pakachigayo kachidole mmene fumbilo limayakira, ndipo mdzukulu wanga anabisala kumbuyo kwa chitenje changa.

Pamwamba pali khonde loonera mathithi a St. Anthony, omwe madzi ake ndiwo ankayendetsa zigayozo. Ine sindinakhalitsepo, mphepo ya ku Minnesota siona nkhope. Tengani juzi yokhuthala.

M'khitchini mwawo anatilawitsa buledi wotentha. Kachidutswa chabe, koma fungo lake linatiperekeza mpaka pagalimoto.

Mkamwini ali ndi khadi la umembala lolowera malo a bungweli osalipiranso pakhomo, choncho Loweruka lotsatira tinapita ku Fort Snelling, linga lakale la asilikali. Kumeneko kunalibe zoseka. Kumunsi kwa lingalo asilikali a boma anatsekerako Adakota, eni nthaka a kumeneko, pafupifupi 1,600, ambiri amayi, ana ndi okalamba, m'chisanu cha 1862 mpaka 1863, ndipo otionetsa sanabise. Pobwerera m'galimoto munali zii.