Boti logonamo la ku Alleppey ndi Fort Kochi: pakeji yomwe tinagula konkuno ku Lilongwe

Chiponyereni madamu zithunzi za boti lija pa status foni yanga siikupuma, aliyense akuti munapita bwanji, munalipira kwa ndani, ndiye ndati ndingofotokoza kamodzin'kamodzi basi. Tinagula pakeji ya masiku 5 yopita ku Kerala, kumwera chakumadzulo kwa India, kwa ejenti wina wa maulendo ku City Centre. Dzina sinditchula. Si akuba ayi, kungoti akugulitsa chinthu chomwe eni akewo sanachionepo ndi maso, ndipo zinaonekera poyera tisanathe ndi tsiku loyamba lomwe.

Pepala lawo linkati masiku awiri m'boti logonamo ku Alleppey, eni dera amalemba Alappuzha, masiku awiri ku Fort Kochi, galimoto, gaidi ndi chakudya zonse momwemo. Mtsikana wa pa desiki anachita kundiuza motsindika kuti "achimwene, botilo limayenda usiku wonse inu muli mtulo, AC osazima." Ine osadziwa kanthu ndinangoti bho. Za madola musandifunse, nonse mukudziwa mmene forex ikuvutira, ndinatolera pang'onopang'ono miyezi ingapo ngati ndikusunga ya feteleza.

Tinanyamukira pa KIA, kudzera Addis Ababa ndi Mumbai, kufika ku Kochi miyendo itatupa. Wotchi yawo ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, thekalo linandisokoneza ulendo onse, ndinaimbira ana kunyumba kusanache n'komwe. Tengani khadi yachikasu ya katemera ija, komanso adaputa chifukwa masoketi awo ndi a mabowo ozungulira, pulagi yathu ya makona siilowa. Mbali iyi ejenti anagwira ntchito, visa inatuluka bwinobwino ndipo dalaivala tinam'peza atanyamula kapepala ka dzina langa, sipelo yolakwika koma langa ndithu. Bwalo la ndege la ku Kochi limayendera sola lonse kuyambira 2015, ndinakumbukira mabulakauti athu ku Area 25 n'kungopukusa mutu.

Kuchoka apo mpaka ku Alleppey ndi maola awiri kapena kuposerapo kutengera jamu, ndipo anthu ake amaliza hutala ngati akulipidwa. Botilo amalitcha kettuvallam. Kale linali lonyamula mpunga ndi zokometsera ndiwo kupita nazo ku doko, matabwa ake ankawalumikiza ndi zingwe za makoko a kokonati osati misomali, ndiye misewu ndi malole zitabwera mabotiwa anasowa ntchito mpaka wina anaganiza zoikamo zipinda zogona alendo. Denga lake ndi lolukidwa ndi nsungwi ndi masamba, taganizani nkhokwe yaikulu itagonekedwa cham'mbali n'kuikidwa pamadzi. Lathu linali la chipinda chimodzi, bafa mkati, antchito atatu: woyendetsa, wa injini ndi wophika.

Tinakwera 12 koloko masana, ndipo maola oyambawo sindinama, anali mbambande. Ngalande ndiye msewu wawo. Mayi akumenyetsa zovala pa mwala pakhomo penipeni pa nyumba yake, ana asukulu atatchena yunifomu akudikira boti ngati athu amadikirira minibasi pa siteji, apa tchalitchi, patsogolo pang'ono kachisi wa Ahindu, kenako mzikiti, abakha mazanamazana akukusidwa ndi munthu mmodzi ali pa kabwato. Chomwe chinawadabwitsa madamu, iwo kwawo ndi ku Nkhotakota ndiye mpunga amaudziwa, n'choti minda inali pansi kuposa madzi amene timayendapowo. Dera limeneli ndi Kuttanad, amalima malo otsika kuposa nyanja yamchere ndi mita imodzi kapena kuposa, amamanga makoma a dothi n'kumapopa madzi kuwatulutsa m'munda. Mumakhala m'boti n'kumasuzumira pansi kuona alimi. Madamu anangoti "Bambo a Chisomo, khoma ili likangogumuka ndiye kuti chiyani?" Ine yankho ndinalibe. Namasupuni nayenso ndi mbwee ngati mu Shire, anakola injini kawiri ndipo mnyamata wa injini uja anangovula shati n'kudumphira m'madzi kukakolola.

Kenako hafu pasiti 5 yakwana, injini zii. Amangirira boti pa mtengo wa kokonati. Ndinafunsa ngati lawonongeka, woyendetsa anaseka n'kunena kuti ndi lamulo, maboti onse amaima madzulo kuti asodzi atchere maukonde, tinyamuka mawa kukacha. Lamulolo ndilibe nalo vuto, asodzi nawonso ayenera kudya, koma nanga usiku wonse uja ndinalonjezedwa ku City Centre uli kuti? Ndipo sanatiimike pa malo a tokha monga pa chithunzi, anatiika pamzere ndi maboti ena ambirimbiri, uku gulu la anyamata likuvina ndi sipika, uku fungo la dizilo, udzudzu ukulowa ngati waitanidwa. AC anayatsa 9 koloko usiku n'kuzimitsa 6 m'mawa, eti mtengo womwe tinalipira ndi wa choncho, ya tsiku lonse ndi kalasi ina. Kutentha kwake si kwa Lilongwe, ndi kwa ku Nsanje kothira chinyezi, umasamba n'kutuluka thukuta ukadali ndi thaulo m'manja.

Wophika yekha ndiye ndimupatsa ulemu wake. Nsomba yawo yotchuka ndi karimeen, kaonekedwe kake imayandikira chambo, anaipaka tsabola ndi anyezi n'kuikulunga m'tsamba la nthochi n'kuiwamba pa chiwaya. Potsegula tsambalo nthunzi yake inandigwetsa malovu. Madamu anadya mpaka kutsala minga yokhayokha kenako n'kumati komabe chambo ndi chambo, kkkk. Tsiku lachiwiri anatiphikira kappa, chomwe ndi chinangwa chathu chomwechi chophika n'kuchiphwanyaphwanya, ndiwo yake nsomba ya msuzi wofiira wowawasa, apo ndiye a ku Nkhotakota anamva ngati afika kwawo. Amadya ndi manja ngati ife, palibe wokuyang'ana. Koma chilichonse ndi mafuta a kokonati, ndipo tsabola ngati simulimba ndi kambuzi nenani msanga. Chenjerani ndi kashopu komwe amakuimikani kuti mugule ma prawn, sali mu pakeji, mtengo wake ndi wa mlendo, ine ndinagula chifukwa cha manyazi. Ndinalawakonso toddy, uchema wawo wa mtengo wa kokonati, wam'mawa ndi wozuna, ukafika madzulo wayamba ukali.

Tsiku lachiwirilo boti linadutsa pafupifupi momwe tinadutsa dzulo lake, kutulukira pa nyanja ya Vembanad n'kubwerera. Linanditopetsa. Chomwe chinapulumutsa tsikulo ndi kabwato kopalasa komwe wophika anatipezera titaima, ndalama yake yochepa zedi poyerekeza ndi ya botilo. Kanatilowetsa mu tingalande tomwe chiboti sichingakwane, mpaka kumawerama podutsa pansi pa timilatho. Tinaima pa nyumba ina pomwe gogo wina wamkazi amapota chingwe cha makoko a kokonati, kuyenda chafutambuyo ulusi ukutuluka pa mtolo womwe anaukolera m'chiuno, manja ake okakala ngati chikwanje cha mmunda, anawagwiritsa madamu kuti ayese ndipo chinaduka pompo, gogoyo kuseka mpaka kukhala pansi. Ola limodzi limenelo linaposa tsiku lonse la m'boti. Ndiye ngati mukupita lipirani usiku umodzi wokha, ndalama yotsalayo kwerani kabwato ndi maboti a boma omwe anthu wamba amakwera.

Ku Fort Kochi malo ake ndi olemera mbiri koma gaidi yemwe anatipatsa ndiye anatibowa. Tchalitchi cha St Francis chinayamba mu 1503, ndimo munaikidwa Vasco da Gama atamwalira mu 1524, yemwe uja wa mu History kusekondale, mafupa ake anawatengera kwawo ku Portugal patatha zaka pafupifupi 14 koma mwala wa manda ulipobe. Ndinkafuna ndiime pang'ono, munthu ameneyu anadutsa pa Mozambique pafupi ndi ife pompa mu 1498 akusaka njira ya tsabola wakuda, koma gaidi anatipatsa mamineti 10 basi n'kutithamangitsira ku shopu ya makapeti ndi zokometsera komwe tinakhala ola lathunthu tikumwetsedwa tiyi. Komishoni, mwana aliyense angaone. Sunagoge wa Paradesi wa mu 1568 sitinalowemo n'komwe chifukwa anatiika pa pulogalamu Loweruka, tsiku la Sabata lomwe amatseka. Ejenti wa maulendo osadziwa zimenezo zoona? Nyumba yachifumu ya Mattancherry tinaiona, anamanga Apwitikizi kenako Adatchi anaikonzanso atalanda tauniyo mu 1663, zojambula za pakhoma ndi zokongola koma kujambula amaletsa. Maukonde achitchaina aja m'mbali mwa nyanja, omangidwa pa mitengo italiitali yokhala ndi miyala yolendewera pa zingwe, tinakoka nawo ndi amuna asanu, munatuluka tinsomba tosakwana ndi mbale ya usipa ndi botolo la pulasitiki, kenako chipewa chatambasulidwa kuti tiponyemo kangachepe.

Tsiku lomaliza gaidi tinamusiya, tinakwera bajaji tokha. Woyendetsa atamva kuti ndife a ku Africa anati pali malo oti tione, anatitengera pa kamsewu kena ku Mattancherry komwe kuli kakachisi kakang'ono kwambiri m'mbali mwa khoma, kopanda fano, kakuda ndi mwaye wa makandulo. Amati Kappiri Muthappan. Kappiri ndi dzina lomwe ankatchulira akapolo akuda omwe Apwitikizi anabwera nawo kuchokera kuno, ndipo nthano ya anthu akumeneko imati Apwitikiziwo, pomwe ankathawa Adatchi, ankakwirira chuma chawo n'kupha kapolo kuti mzimu wake uzilondera. Mpaka lero anthu amasiyapo kandulo, fodya ngakhale toddy. Madamu, omwe anakulira pafupi ndi mkuyu uja wa Livingstone ndi Jumbe wogulitsa akapolo, anakhala chete nthawi yaitali kenako anatuma woyendetsayo akagule kandulo. Pa pepala la ejenti malowa panalibe.

Ndikati ndipereke mamakisi: wophika ndi antchito a m'boti 5 pa 5, malo enieniwo 5, gaidi 1, ejenti wathu 2 ndi theka chifukwa cha visa ndi dalaivala. Nditabwerako ndinapita ku ofesi kwawo ndi tsabola wakuda pang'ono ngati mphatso n'kuwafotokozera zonsezi, mtsikana uja anapepesa bwino ndithu n'kuti awauza a ku India. Sabata yatha ndinadutsako, pepala lija likadali pa windo, likunenabe kuti boti limayenda usiku wonse.