Phukusi la Khirisimasi kwa msilikali wa m'sitima za Royal Navy: njira iti imafikitsadi katundu?

Sitima za nkhondo za dziko la Britain, za gulu lotchedwa Royal Navy, sizibwerera zonse ku madoko a Portsmouth ndi Devonport chifukwa choti Khirisimasi yafika. Ina imakhala ikulondera zilumba za Falkland, ina ku nyanja ya Caribbean, zina kum'mawa kwenikweni, ndipo kuyambira mu 1969 sipanadutse tsiku limene dzikolo linalibe sitima yoyenda pansi pa madzi yonyamula zida za nyukiliya ili pa ulonda. Nkhaniyi imakhudzanso mabanja a kwathu, popeza nzika za mayiko a Commonwealth zimaloledwa kulowa usilikali wa Britain, ndipo mu 2018 boma la kumeneko linachotsa lamulo loti munthu ayambe wakhala m'dzikolo zaka 5 asanalembedwe. Choncho mayi wa ku Mzimba kapena mlongo wokhala ku Leeds akhoza kupezeka akufunsa kuti mphatso angaitumize bwanji kwa munthu amene keyala yake ikuyandama panyanja.

Chofunika kumvetsa musanasankhe njira n'chakuti katundu wopita ku sitima yomwe ili pa ulendo amadutsa pakhomo limodzi. Khomolo ndi positi ya asilikali yotchedwa British Forces Post Office, mwachidule BFPO, yomwe likulu lake lili pa bwalo la ndege la RAF Northolt kumadzulo kwa London. Sitima iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya BFPO, ndipo antchito a kumeneko ndi amene amadziwa doko limene sitimayo ikocheze, n'kutumizako matumba a makalata pandege kuti akaidikirire. Nthawi zina matumbawo amapita ndi sitima zonyamula mafuta ndi chakudya za Royal Fleet Auxiliary. Ulendo wa sitima ukasintha mwadzidzidzi, monga zimachitikira pa ntchito ya usilikali, matumba amayamba kuilondola doko ndi doko. Palibe ndalama imene ingafupikitse gawo limeneli la ulendo, ndipo poyerekeza njira zonse mfundo imeneyi ndi imene ikulamulira.

Njira yoyamba, yomwe ine ndimaiika patsogolo, ndi yolongedza nokha kaphukusi kosapitirira makilogalamu 2 n'kukapereka pa positi ofesi ya ku Britain. Pali dongosolo lotchedwa Enduring Families Free Mail Service limene limalola achibale ndi abwenzi kutumiza phukusi lotere mwaulere kwa msilikali amene ali pa ntchito yapadera kunja, ndipo Khirisimasi ikamayandikira pamakhalanso dongosolo lina laulere la nyengoyo. Si sitima iliyonse imene imakhala pa mndandanda. Yomwe yangoima padoko la kwawo simuyenera kuiyembekezera kuti ikhalepo. Mndandandawo umasintha ndipo umalengezedwa pa tsamba la boma la GOV.UK, pamodzi ndi masiku omaliza otumizira katundu, omwe amafika msanga kuposa a makalata wamba a m'dzikolo. Ubwino wa njirayi si kusalipira kokha. Chimene chili m'katonimo mwasankha ndinu, mwachikulunga ndinu, ndipo mutha kuikamo kalata yolemba pamanja ndi zithunzi za ana.

Kuvuta kwake n'kwakuti zolakwa zonse zimakhalanso zanu. Sikelo ya pa positi sinyengerera: makilogalamu 2 akuphatikiza katoni ndi tepi, ndipo mukapitirira pang'ono mulipira. Keyala imalembedwa motsatira ndondomeko, kuyambira nambala ya usilikali, udindo ndi dzina, kenako dzina la sitima ndi nambala ya BFPO. Musalembepo dzina la dziko kapena mzinda umene mukuganiza kuti sitimayo ili, chifukwa mukatero phukusi likhoza kulowa m'positi wamba ya mayiko akunja n'kukasochera komweko, komanso malo a sitima ya nkhondo si nkhani yolemba pakatoni. Pamafunikanso fomu ya kasitomu yofotokoza bwinobwino zimene zili m'kati. Kungolemba kuti "mphatso" sikukwanira. Popeza katunduyu amakwera ndege ndipo amaunikidwa ndi makina, zinthu zopopera za m'zitini, perefyumu, mowa, machesi, malaitala ndi mabatire a lithium siziloledwa. Chinthu chimodzi choletsedwa chikhoza kuchedwetsa kapena kubwezetsa katoni yonse, motero mafuta onunkhiritsa m'khwapa gulani opaka, osati opopera.

Njira yachiwiri ndi yolipira kuti mutumize katoni yaikulu kudzera ku BFPO komweko. Imakopa, makamaka banja lonse likasonkherana, aliyense akufuna kuti chake chilowemo. Koma katoni yaikulu imayenda movutirapo pamene malo m'ndege ali ochepa, ndipo ikafika imakhala mtolo kwa mwini wake. Msilikali wamba m'sitima amagona pa bedi losanjikizana ndi a anzake m'chipinda cha anthu ambiri, ndipo kabati yake siisiyana kwenikweni ndi bokosi la mwana wa sukulu yogonera komweko. Juzi lalikulu, nsapato ndi chithunzi cha m'felemu alibe poziika. Timaphukusi tiwiri kapena titatu ting'onoting'ono, totumizidwa masabata osiyana, timaposa katoni imodzi yaikulu: kamodzi kakachedwa kena kamafika, ndipo munthuyo amamva dzina lake likuitanidwa kangapo pogawa makalata. Njira yolipirayi ndi yoyenera pokhapokha iye mwini wapempha chinthu cholemera chimene sichingagawidwe.

Njira yachitatu ndi yogula pa intaneti kuti sitolo itumize yokha. Izi zinayamba kuphweka mu 2012, pamene manambala a BFPO anapatsidwa makhodi a positi oyamba ndi BF1, kuti mafomu a pa intaneti aziwalandira ngati keyala ya ku Britain. Kwa wachibale wokhala ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg amene ali ndi khadi yolipirira, njirayi imachotsa ulendo wonse wochokera ku Africa, ndipo chimenechi si chinthu chaching'ono. Komabe si ogulitsa onse amene amavomera keyala ya BFPO, ndipo ena amavomera pogula n'kudzakana mawa lake. Wolongedza wa m'sitolo sadziwa kuti katoniyo ikaponyedwa m'thumba n'kukwezedwa pamakwerero a sitima, ndipo chinthu chikakhala cholakwika kuchibweza kuchokera pakati pa nyanja n'kosatheka. Palinso makampani amene amagulitsa maphukusi okonzakonza a asilikali, odzaza ndi maswiti, mabisiketi, khofi ndi sopo. Amadziwa malamulo ndipo salakwitsa kulemera, koma zambiri zimene amaikamo n'zofanana ndi zimene msilikaliyo angagule m'kantini ya m'sitima. Ndi njira yabwino kwa wochedwa kapena wokhala kutali, koma ya kumudzi simununkhamo.

Za makampani othamangitsa katundu monga DHL ndi FedEx tisatayepo nthawi. Ntchito yawo ndi yofikitsa katundu pakhomo lokhazikika, ndipo sadziwa kumene sitima ya nkhondo ili. Ngakhale kampani itavomera, ulendo wake umathera ku Northolt, kumene katoni yanu imakaima pamzere umodzimodzi ndi ya munthu amene sanalipire kanthu. Phindu la makampaniwa lili pa gawo lina: kufikitsa msanga katundu wochokera ku Malawi kwa wachibale wokhala ku Britain.

Apa ndi pamene mabanja a kwathu ayenera kuganiza mofatsa. Dongosolo laulere limagwira ntchito pa katundu woperekedwa ku Britain, osati pa positi ya ku Blantyre kapena ku Chipata. Kutumiza mwachindunji kuchokera kwathu kumafuna ndalama za positi ya kunja, kumadutsa pa kasitomu, ndipo chikavuta china palibe munthu wokafunsa. N'kwanzeru kupatsira munthu wapaulendo kapena kutumiza kwa wachibale wa ku Britain, iye n'kutsegula, kuchotsa zosaloledwa, kuyeza ndi kukapereka pa positi. Kumbukirani kuti nyama ndi zamkaka zochokera kwathu siziloledwa kulowa m'dzikolo ngati katundu wa munthu. Tiyi wa Chombe, khofi wa ku Mzuzu ndi mtedza wokazinga wotsekeredwa bwino zimayenda mosavuta ndipo zimagawika. Botolo la Nali ndi limene ambiri amalilakalaka, koma galasi ndi zamadzimadzi ndi zimene zimasweka m'matumba, choncho tsabola wouma wosinja ndi wodalirika kuposa. Usipa wouma, ngakhale agogo aumirire, usiyeni: m'chipinda chopanda zenera mogona anthu ambiri, mphatsoyo idzadanitsa mwana wanu ndi anzake. Ufa ndi mpunga wa Kilombero nazonso n'zopanda ntchito, chifukwa m'sitima amaphika ndi ophika a sitimayo basi. Ngati sitima ikukocheza ku mayiko a Chisilamu monga Bahrain, musaikemo chilichonse cha nkhumba kapena magazini a zithunzi zosayenera, ndipo ngati ili kumalo otentha chokoleti chimafika chitasungunuka.

Njira imene ambiri amaiiwala ndi yopereka mphatso sitima isananyamuke, itakulungidwa ndi kulembedwa kuti isatsegulidwe mpaka pa 25 Disembala. Iyi siidalira ndege, kasitomu kapena doko, ndipo ndi yokhayo imene singachedwe. Imafuna kuti mudziwiretu za ulendo, mphatsoyo ikhale yaing'ono ndi yosawonongeka kwa miyezi, komanso wolandirayo akhale wodziletsa. Kwa a m'sitima zoyenda pansi pa madzi za mtundu wa Vanguard, zochokera ku Faslane ku Scotland, palibenso njira ina yopikisana nayo. Sitimazi sizikocheza padoko lililonse pa ulonda wawo ndipo sizitumiza uthenga, kuopa kudziwika kumene zili. Banja limangotumiza uthenga waufupi wotchedwa familygram, wa mawu 120 pa sabata, womwe akuluakulu amayamba auwerenga ndipo msilikaliyo sangauyankhe. Kutumiza phukusi ku sitima yotere mu Novembala n'kulitumiza kuti akalipeze atabwerako.

Makalata asanyozedwe poyerekeza ndi makatoni. Kalata yabuluu ya asilikali, yomwe amaitcha bluey, imapezeka pa positi ofesi ndipo imapita mwaulere kwa amene ali pa ntchito yapadera, bola musaikemo kanthu m'kati. Ndi yopepuka, choncho siivuta kuipezera malo m'thumba. Msilikali amene ali pa ntchito yotere amapatsidwanso mphindi 30 pa sabata zoimbira foni kwawo, ndipo masiku ano imelo imafika m'sitima zambiri, ngakhale imatsekedwa nthawi iliyonse imene akuluakulu aona kuti chitetezo chikufuna zimenezo. Kalata siilowa m'malo mwa phukusi, koma ndi imene imatseka mpata phukusi likachedwa.

Pali anthu ena, makamaka a m'mipingo, amene alibe wachibale m'sitima koma amafuna kusangalatsa asilikali. Mwambowu ndi wakale. Mu 1914 Princess Mary, mwana wamkazi wa mfumu ya ku Britain, anatsogolera ntchito yopereka kabokosi ka mkuwa ka mphatso kwa asilikali apamtunda ndi apamadzi pa Khirisimasi yoyamba ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Koma lero unduna wa zachitetezo wa ku Britain umapempha anthu kuti asatumize maphukusi opanda dzina la wolandira, chifukwa amadzaza ndege n'kuchedwetsa a mabanja. Mpingo wofuna kuthandiza upereke ndalama ku bungwe monga Royal Navy and Royal Marines Charity.

Tikaziika zonse pamodzi, kwa msilikali wa m'sitima yoyenda pamwamba pa madzi kaphukusi ka makilogalamu 2 kolongedza nokha kamapambana pa mtengo ndi pa zimene kamanyamula, sitolo ya pa intaneti imabwera pambuyo pake kwa amene alibe wachibale ku Britain, ndipo katoni yaikulu ndi kampani yothamangitsa katundu zimadya ndalama popanda kufupikitsa ulendo. Pa Khirisimasi ya m'sitima akuluakulu ndi amene amaperekera chakudya kwa asilikali wamba, ndipo zodyera pamodzi zimakhala ndi ulemu wake, motero ikanimo china choti agawireko anzake a m'chipinda. Mufunseni mwini wake zimene zikumusowa imelo isanatsekedwe, onani masiku omaliza pa GOV.UK mu Okutobala, ndipo ngati katundu akuchokera ku Malawi ayenera kukhala atafika kwa wachibale wa ku Britain Novembala asanalowe.