Kagalu kanu: mkwapulo kapena usipa?

Ambirife ku Kawale kapena ku Area 25 timaweta galu kuti aziuwa usiku, ndiye timaganiza kuti mkwapulo ndi umene umamulimbitsa mtima. Umagwiradi ntchito msanga: kagalu kamasiya kutafuna nsapato inu mukakhalapo. Mukangotuluka pageti, nsapato ija yapita. Choipa kwambiri n'chakuti kamayamba kuopa dzanja la munthu, ndipo galu wamantha sachedwa kuluma mwana wa aneba. Pachionetsero cha agalu, woweruza amamutsegula galu kukamwa kuti aone mano, n'kumugwiragwira thupi lonse. Wozolowera kukwapulidwa amangopinda mchira, n'kumabwerera m'mbuyo.

Njira ya usipa ndi yochedwerapo, koma ine ndimakonda imeneyi. Gwirani kausipa pamwamba pa mphuno yake, kakwezeni pang'ono chakumbuyo, kagaluko kakhala pansi kokha. Pomwepo nenani "khala" n'kukapatsa. Mukachedwa, sikadziwa chimene kalandirira. Mphindi 5 zokha, kawiri kapena katatu patsiku, kasanadye. Usipawo ukhale wopanda mchere wambiri.

Kulimba mtima kumayamba kagalu kasanakwane masabata 14. Kazolowere phokoso la kabaza, ana osewera, ngakhale tsache la amayi m'mawa. Koma musathamangire nako kumsika kasanamalize katemera. Wa chiwewe amabaya pa miyezi 3, ndipo a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira zinyama, amathandiza zimenezi muno mu Lilongwe.

Vuto la usipa ndi apabanja. Inu mukuti "khala", agogo akuti "choka!" atanyamula ndodo, kagalu kamangosokonezeka.