Five Ferries, Arran kapena Cowal: mukatchove njinga kuti?

Anzanga a kuno ku Glasgow amene agula njinga zakapalasa posachedwapa sakundipatsa mpata. Funso lawo ndi limodzimodzi: kumadzulo kwa Scotland kuja, kumene nyanja imalowa pakati pa mapiri, tikayambire njira iti? Ndipo ndisanatsegule pakamwa amakhala atatchula kale Five Ferries, poti ndi imene ili m'kamwa mwa aliyense wokonda njinga kuno. Kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp kwandikwana, ndiye ndilembe kamodzi. Maulendo amene ndikuyerekeza ndi atatu, onse oti munthu anyamuke m'mawa pa siteshoni ya Glasgow Central n'kukagona kunyumba kwake usiku womwewo. Awiri mwa atatuwo amakubwezanidi kwanu. Winawo zimatengera mphepo.

Za magiya ndi matayala sindikambapo, aliyense ali ndi zake. Mvula ndi yofanana konse, njinga siilipiridwa m'sitima yapamtunda ngakhale m'boti, ndipo misewu yambiri ndi yopapatiza, ya galimoto imodzi, yokhala ndi timalo topatukira kuti wakumbuyo adutse.

Five Ferries ndi ulendo wa maboti asanu ndi makilomita pafupifupi 80 opalasa. Mumawoloka kupita ku Brodick pa chilumba cha Arran, n'kupalasa makilomita 23 kudzera ku Corrie ndi Sannox, kukwera chitunda cha Boguillie, kutsikira ku Lochranza. Boti lachiwiri limakutulani pa Claonaig ku Kintyre, mumadutsa phiri kukafika ku Tarbert, boti lachitatu limawoloka nyanja ya Loch Fyne kukafika ku Portavadie. Chigawo chotsatiracho, makilomita pafupifupi 30 mpaka Colintraive, ndicho chokoma kuposa zonse: msewu wa A8003 ukachoka ku Tighnabruaich umakwera mpaka pamalo pamene mumaona Kyles of Bute yonse ili pansi panu, madzi atagawikana pawiri kuzungulira nsonga ya chilumba cha Bute. Boti lachinayi ndi la mphindi 5 zokha, kenako msewu wosalala mpaka Rothesay, boti lomaliza mpaka Wemyss Bay, kumene siteshoni ya magalasi ndi zitsulo yomangidwa mu 1903 ili pomwepo padoko. Sindinganame, ndi ulendo wokongola.

Koma amene amautama sakuuzani kuti tsiku lonse mumapalasa maso ali pa wotchi. Boti si minibasi ya ku Limbe yoti kondakitala akudikirani mukakweza dzanja muli patali. Mukachedwa pa Boguillie chifukwa mphepo ikukuwombani kumaso, kapena mnzanu mmodzi tayala lamuphwera, boti la ku Lochranza limapita, ndipo kudikira lotsatira ndi kuposa ola. Ola limenelo silithera pomwepo. Limakutsatirani ku Tarbert, likutsatireni ku Colintraive, mpaka muyambe kuwerengera ngati la ku Rothesay mulipeze. Malo okongola aja a pamwamba pa Tighnabruaich anthu ambiri amangoimapo kujambula chithunzi chimodzi, phazi lina lili pa pedulo.

Ndipo zimenezo ndi pa tsiku labwino. Ife tinafika ku Tarbert pa nthawi yake, tili ndi mpata woti n'kudya nsomba ndi tchipisi padoko. Tikudya, mphepo ya kummwera inakula, nyanja inawinduka, maboti ang'onoang'ono n'kuimitsidwa. Palibe womuimba mlandu pamenepo, woyendetsa boti sangaike miyoyo ya anthu pachiswe chifukwa cha anthu a njinga ofuna kukagona kwawo. Vuto ndi malo amene mumatsekeredwa. Kutsogolo kuli Loch Fyne, nyanja yolowa kumtunda yaitali kuposa zonse ku Scotland, makilomita 65. Kumbuyo kuli Claonaig, pamene palibe doko lenileni, ndi simenti yotsetserekera m'madzi ndi kakhumbi kodikiriramo basi, ndipo mafunde akangokula boti silikocheza. Njira ya pamtunda yokha ndi A83 yozungulira ku Lochgilphead ndi Inveraray, makilomita oposa 150 kukafika ku Glasgow. Basi ilipo, koma kuti inyamule njinga zingapo nthawi imodzi musayembekezere.

Tinagona komweko. M'nyengo yotentha zipinda m'tauni yaing'ono ngati imeneyo zimakhala zitatengedwa kale, ndiye amene watsala nacho chimodzi amatchula mtengo umene akufuna. Tinalipira osawiringula, munthu wonyowa satsitsa mtengo. Chimene chinandiwawa chinadza m'mawa: pa lisiti panali mzere wina wa mapaundi 10 pa njinga iliyonse, ati osungira. Kusungira kwake kunali kashedi kopanda loko kuseri kwa nyumba, pambali pa migolo ya zinyalala, ndipo usiku uja mwini nyumbayo anatilozera yekha kashediko akumwetulira, osatchula ndalama. Nditafunsa anandionetsa kapepala kamene kanamatidwa kuseri kwa chitseko cha m'khonde. Ulendo umene ndinauwerengera mtengo wa matikiti ndi chakudya chamasana unandidyera ndalama zoti n'kugulira matayala awiri abwino ndi tcheni chatsopano, n'kutsalako. Kuyambira pamenepo munthu akanditchulira Five Ferries ndimamufunsa kaye ngati m'chikwama mwake muli ya malo ogona, ndiponso ngati mawa lake sali pa shifiti. Dziwaninso kuti boti la pakati pa Lochranza ndi Claonaig limayenda m'nyengo yotentha yokha.

Kuzungulira Arran ndi makilomita pafupifupi 90, boti limodzi popita ndi limodzi pobwera. Msewu ndi umodzi, simungasochere. Mbali ya kummwera, kuchokera ku Brodick kudzera ku Lamlash, Whiting Bay ndi Lagg mpaka Blackwaterfoot, ndi yotopetsa kuposa mmene mapu amaonetsera: palibe phiri lalikulu, koma ndi kukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, osapeza popumira. Yambirani kumeneko miyendo ikadali ndi mphamvu. Gombe la kumadzulo, ku Machrie, Pirnmill ndi Catacol, ndi lathyathyathya, msewu uli m'mphepete mwenimweni mwa madzi, Kintyre ikuoneka kutsidya, ndipo kawirikawiri mphepo imakukankhani kumsana. Boguillie mumakumana nayo kumapeto, mutatopa, koma ikatha ndi kutsika kokhakokha ndi mapiri a Goat Fell, otalika mamita 874, ali kudzanja lamanja. Ubwino wina wa Arran ndi wakuti ili ndi pothawira. Zikavuta, msewu wa String, umene anaukonza Thomas Telford mu 1817, umadula pakati pa chilumba kuchokera ku Blackwaterfoot kubwerera ku Brodick. Ndi chitunda, komabe chimakudulirani ulendo pakati. Choipa chake: tara wake ndi wokumbikakumbika m'malo ambiri, ndipo boti likangotsitsa magalimoto msewu wa ku Lamlash umadzaza. Yang'ananinso doko musanagule tikiti ya sitima yapamtunda, chifukwa boti latsopano la ku Arran lotchedwa Glen Sannox litayamba ntchito mu 2025 linkanyamukira ku Troon, osati ku Ardrossan kumene anthu anazolowera, ndipo ulendo wa ku Troon ndi wotalikirapo.

Ine mtima wanga uli ku Cowal, dera la mapiri limene lili kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Gourock, ndipo sindibisa. Mumatsika sitima ku Gourock, kupalasa pang'ono mpaka McInroy's Point, n'kukwera limodzi mwa maboti ofiira aja opita ku Hunter's Quay pafupi ndi Dunoon. Kuwoloka ndi mphindi 20, ndipo amayenda motsatizana kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Mukaphonya lina, linzake likuoneka kale likubwera. Palinso boti lina la anthu oyenda pansi lochokera pa siteshoni ya Gourock pomwepo. Apa ndiye pagona kusiyana konse: wotchi mumaiiwala.

Njira yake ndi makilomita pafupifupi 80. Ku Sandbank mumakhotera mu B836, kamsewu kokwera mwakachetechete mu Glen Lean, kudutsa damu la Loch Tarsan, n'kugwera pansi kumutu kwa Loch Striven. Chitunda chotuluka pamenepo n'chachifupi koma n'cholusa, ambiri amatsika n'kukankha. Kenako A886 imakutengani m'chigwa cha Glendaruel, kukwera phiri, kutsikira ku Loch Fyne ndi Strachur, n'kubwerera pa A815 m'mbali mwa Loch Eck, nyanja ya madzi opanda mchere yopanikizika pakati pa mapiri a nkhalango. Musanamalize mumadutsa munda wa Benmore, wa mitengo ikuluikulu ya redwood imene inabzalidwa mu 1863, ndi Holy Loch, pamene sitima zankhondo za pansi pa madzi za America zinkakocheza kuyambira 1961 mpaka 1992. Amene akufuna kuzunzika angakhote ku Glendaruel kukwera chitunda cha Bealach Maim, mamita oposa 300 pa kamsewu kotsetsereka koopsa, n'kukatsikira ku Otter Ferry ndi kutsata B8000 m'mphepete mwa Loch Fyne. Kamsewu kameneka sindinakaonepo kanzake.

Cowal ili ndi zake. Pakati pa Sandbank ndi Strachur pogula chakudya ndi posowa, nyamulani chanu. Malole onyamula mitengo amayenda m'timisewu tomwe timeneti mkati mwa sabata, ndipo mukamva kulira kwake kumbuyo patukani msanga pa malo opatukira. Chithunzi chonga cha Kyles of Bute simuchipeza pa njira imeneyi, ngati ndicho mukufuna.

Amene sanapalasepo mtunda wautali asayambe ndi iliyonse mwa zitatuzi. Apite ku Largs, awolokere ku kachilumba ka Cumbrae, azungulire makilomita 16 opanda chitunda, akamwe tiyi ku Millport. Ndipo kulikonse kumene mungasankhe pakati pa June ndi August, tayala likaphwa pansi pa mitengo pa tsiku lopanda mphepo, tizilombo toluma tija totchedwa midges timakupezani musanatulutse chubu. Kankhani njinga mpaka poyera pamene pakuwomba kamphepo, mukamatire pamenepo.