Wokonza mawailesi wa pa msika wa Ntcheu anatikonzera laser

Mphwanga anapanga laser ya m'manja (kachipangizo kotulutsa kuwala kolunjika pamalo amodzi) ndi diode yofiira (kachinthu kamene kamatulutsa kuwalako) imene anachotsa mu DVD burner (makina olembera ma DVD) yakale. Kuyaka inkayaka, koma kadontho kake kanali kofooka kwambiri, kovuta kukaona ngakhale pakhoma lapafupi. Tinapita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi ndi mafoni pafupi ndi msika wa pa boma la Ntcheu.

Chinandisangalatsa n'chakuti sanathamangire kunena kuti diode yapsa. Anatenga mita yoyezera magetsi n'kuyamba ndi batire. Inali imodzi ya mtundu wa 18650, yodzaza bwino pa mavolti 4.2 (4.2V). "Achimwene, batireyi ilibe vuto, koma payokha singakwanitse," anatero. Anafotokoza kuti LM317, kachipangizo kamene kamayendetsa mphamvu mu laseryo, imadya pafupifupi 3V payokha, ndiye zotsalazo sizinkakwanira diode. Analumikiza mabatire awiri motsatizana, n'kuwerengetsanso resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) kuti mphamvu isapyole muyeso. Kenako anapukuta lens (kagalasi kolunjikitsa kuwala) ndi kathonje konyowa ndi spiriti, anawotchereranso waya wina amene anangogwira pang'ono, n'kuika diode m'kachitsulo ka aluminiyamu kuti isamatenthe.

Asanayatse anathamangitsa ana amene anaunjikana pakhomo, n'kulozetsa laseryo kukhoma. Anatichenjeza mosapsatira kuti diode yotereyi imawononga diso nthawi yomweyo, ngakhale kuwala kobwerera kuchokera pagalasi, ndipo anati mphwanga asaigwiritse ntchito wopanda magalasi oteteza maso. Apa ndinamulemekeza kwambiri.

Mtengo sunali woboola m'thumba. Chovuta n'chakuti magetsi akazima ntchito yowotcherera imaima, choncho muyambe mwafunsa musananyamuke.