Minibasi ya masapota a Chonburi FC koyenda, nyengo ya 2024/25: nyenyezi zitatu

Nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo ziwiri mwa zitatuzo ndi za dalaivala. Mayi wogulitsa mipando pa gulu la masapota la pa LINE (pulogalamu yotumizirana mauthenga pafoni ngati WhatsApp) akanakhala yekha ndikanamupatsa imodzi, nayonso monyinyirika.

Ine ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina m'chigawo cha Chonburi, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndimathera ku mpira. Chonburi FC, akatswiri a dziko lonse la Thailand mu 2007, nkhwangwa itawagwera mu 2024 limodzi ndi Police Tero ndi Trat, ndinati chaka chino ndiyenda nawo kulikonse, ndikaone mabwalo a Thai League 2 amene pa TV saoneka kawirikawiri. Ndiye ndinagula phukusi la mayiyo la 7,000 baht, ndalama za ku Thailand: mpando m'minibasi ku masewero onse akoyenda, tikiti ya mbali ya alendo, ndi madzi akumwa. Ndinalipira zonse kamodzi pa PromptPay, njira yotumizira ndalama pafoni, mu Ogasiti, ligi isanayambe. Mayiyo anayankha ndi tizithunzi ta mitima totsatizana. Kuyambira tsiku limenelo sanandiyankhenso mwachangu chotero.

Maulendo apafupi palibe chodandaula. Ku Bangkok, kumene kuli Police Tero, Kasetsart ndi Bangkok FC, timapita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Ku Chanthaburi ndi ku Trat, kum'mawa cha kumalire a Cambodia, n'chimodzimodzi. Wa ku Pattaya ndiye ngakhale wa njinga yamoto akhoza kukufikitsa, moti kuwerengera ulendo umenewo m'phukusi n'kungokometsera mndandanda. Minibasi ndi Toyota Commuter yosamalidwa bwino, yozizira mkati, ili ndi pobayira chaja.

Nkhani yanga ndi ulendo wa ku Phrae.

Amene simunayendepo kumpoto, kuchoka ku Chonburi kukafika ku Phrae ndi makilomita opitirira 600. Umazungulira Bangkok, n'kulowa msewu wa nambala 32 wodutsa ku Ayutthaya ndi ku Sing Buri mpaka ku Nakhon Sawan, kenako Phitsanulok, Uttaradit, kukwera mapiri mpaka ku Den Chai, ndiye wafika. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Anatiuza kuti tinyamuka 6 koloko m'mawa. Ndinafika 6 isanakwane, dalaivala ali kale pamalo akupukuta magalasi. Mayi uja anatulukira cha m'ma 7 koloko, foni kukhutu, n'kutiuza kuti tidikire pang'ono, pali anthu ena akubwera. Titawerengana tinapeza kuti mipando yadzaza kale. Malamulo a kuno, kuyambira 2017, amati minibasi yonyamula anthu isapitirire mipando 13. Ife a phukusi la nyengo yonse tinalipo okwanira ndendende. Anthu amene tinkadikirawo anali awiri ena amene mayiyo anawagulitsa mipando ya tsiku limodzi pa mtengo wokwera, poti Phrae United inali m'gulu la matimu olimbirana kukwera ndipo aliyense ankafuna kukaonera. Anafika cha m'ma 9 koloko, wina atanyamula ng'oma. Anawaikira tizipando tapulasitiki pakanjira ka pakati, ndipo mayiyo anakhala kutsogolo. Ndinakumbuka ma minibasi a ku Limbe a anayi anayi, kondakitala ataweramira pamwamba pa mitu yathu, koma kumeneko sulipiriratu chaka chonse.

Cha m'ma 1 koloko tinaima pamalo omwetsera mafuta pafupi ndi Nakhon Sawan, aja akuluakulu okhala ndi zimbudzi zambiri, 7-Eleven ndi malo odyera. Mayi anati mphindi makumi awiri. Ndinasiya foni pachaja, chikwama pampando, m'chikwamamo muli pasipoti ndi chiphaso cha ntchito. Ndinatenga ndalama zochepa chabe. Ndinapita kuchimbudzi, n'kugula mpunga womata uja ndi nyama ya nkhumba yowotcha pa timitengo. Mphindi makumi awiri zinali zisanakwane pamene ndinatuluka, wotchi ya m'sitolomo ndi mboni yanga. Pamene panali minibasi panali lole ya nzimbe.

Ndinazungulira malo onsewo, kuseri kwa zimbudzi, kopopera matayala, mwina aisuntha. Ayi ndithu. Munthu wakuda mmodzi yekha, wavala jezi ya buluu ya shaki pachifuwa, thumba la mpunga m'manja, alibe foni, alibe pasipoti, pakati pa dziko la eni. Amene mumakhala kuno mukudziwa tanthauzo la mlendo kupezeka wopanda pasipoti wapolisi akafunsa. Nambala ya munthu aliyense wa m'minibasi muja inali m'foni. Chithai changa n'chogulira chakudya ndi kukalipira ana m'kalasi, osati chofotokozera kuti andisiya.

Anandithandiza ndi mtsikana wothira mafuta. Anayang'ana jezi, n'kuyang'ana nkhope yanga, n'kuloza msewu wopita kumpoto uku akugwedeza mutu. Anatulutsa foni yake, tinalowa pa Facebook, tinapeza tsamba la mayi uja, pomwe pali nambala yake. Anaimba kawiri osayankhidwa. Kachitatu anayankha, ndipo mtsikanayo analankhula nthawi yaitali, mawu akukwera pang'onopang'ono. Atadula anandilembera pa foni yomasulira kuti: akuti mukwere basi ya ku Phitsanulok, akakudikirani kumeneko. Ndi ndalama ziti? M'thumba munali 60 baht.

Zomwe zinachitika m'minibasimo ndinazimva pambuyo pake kwa mnzanga wina wa ku Philippines, nayenso mphunzitsi, amene anali mtulo kumpando wakumbuyo pamene ankanyamuka. Mayiyo anawerenga mitu, n'kupeza 13, n'kuuza dalaivala kuti tiyeni. Anaiwala kuti tsiku limenelo anakweza 15. Mmodzi wa owonjezera aja anali atagona pansi pakanjira, mutu wosaoneka, ndipo winayo anali atadzikhazika bwinobwino pampando wanga, chikwama changa atachiika pamiyendo ngati chake. Anthu ena anaona kuti ine palibe, koma kuno anthu sakonda kutsutsa munthu pagulu, aliyense ankaganiza kuti wina anena. Foni ya mtsikana uja italira, anali atayenda kale mtunda ndithu. Mayi anati sitingabwerere, tichedwa ku mpira. Dalaivala, bambo wachikulire amene tonse timamutcha Lung, kutanthauza malume, sanayankhe kanthu. Anangoyatsa chizindikiro n'kuyamba kufunafuna pokhotera. Misewu ikuluikulu ya kuno ili ndi mpanda pakati, pokhotera pamakhala patali, ndipo ukakhota uyenera kupitirira malo amene ukufunawo n'kukakhotanso kwina kuti ubwerere mbali yoyenera. Zonsezo zinadya pafupifupi ola lathunthu.

Atafika, Lung anatsika yekha, n'kubwera pomwe ndinakhala pabenchi, manja atawaphatikiza pachifuwa. "Aphunzitsi, pepani. Galimoto ndi yanga, ndinayenera kuwerenga ndekha." Ndinati, "Lung, inu simunalakwe." Anapita kwa mtsikana uja kukathokoza, n'kumugulira khofi wozizira ndi ndalama zake. Mayi uja sanatsike. Nditalowa anali maso pa foni. Mnyamata wa pampando wanga anabwerera pakampando kake ka pulasitiki mwamanyazi, iyeyo bola anapepesa.

Chimene chinandipsetsa mtima kwenikweni chinabwera titadutsa Phitsanulok. Nditayatsa foni ndinapeza uthenga pa gulu la LINE, gulu la anthu ambirimbiri, ena makolo a ana amene ndimawaphunzitsa. Mayiyo analemba m'Chithai kuti tifika mochedwa chifukwa mphunzitsi wachilendo anasowa pamalo opumulira, n'kuikapo kankhope koseka. Za maola atatu amene tinataya m'mawa kudikira makasitomala ake owonjezera, ayi, sanatchule. Za mitu 13, ayi. Ndinamufunsa pomwepo, mwaulemu, pomuitana monga amaitanira wamkulu kuno, "Phi, bwanji mwalemba chonchi?" Anati ndi nthabwala chabe, ndisaganize kwambiri. Mpaka lero uthengawo sanaufufute.

Tinafika ku Phrae osewera ali kopumulira. Ndiye matikiti? Aja a m'phukusi aja? Sanagule. Chizolowezi chake, ndinazindikira tsiku limenelo, n'chogula pageti tikafika, ndipo kawindo ka mbali ya alendo kanali katatsekedwa. Tinaima panja tikumva ng'oma mkati. Anatipulumutsa ndi bambo wina wa m'bwalomo, wa timu ya eni ake, amene ataona gulu la majezi a buluu litaunjikana anapita kukaitana wogulitsa matikiti kuti atsegulenso. Mayi analipira, zoona, koma tinalowa chigawo chachiwiri chitayamba. Makilomita 600 kudzaonera mphindi zosakwana 45.

Mu ligi iyi zimenezi si zazing'ono. Imayamba ndi matimu 18, awiri apamwamba amakwera okha, a nambala 3 mpaka 6 amakamenyana m'chipulula kulimbirana malo amodzi otsala. Masewero a matimu a pamwamba okhaokha ndiye amene munthu umalipirira phukusi. Ku Pattaya ndikanapita ndekha.

Komabe ndinene chilungamo, mphindi zimene ndinaonerazo zinandibwezera mtima pang'ono, ndipo ndi chifukwa chake sindinasiye kukwera minibasiyi. Mpira wa Thai League 2 si wokongola nthawi zonse. Mipira yaitali yoponyera mBrazil wamtali kutsogolo, osewera kugona pansi kudikira machira timu yawo ikamatsogola, oyimbira kuzunguliridwa. Koma mabwalo a m'zigawo ndi okoma. Uli pafupi ndi osewera moti umamva goloboyi akukalipira anzake. Panja pali mbaula za nyama, agogo akugulitsa som tam (saladi ya papaya wosapsa), ana akuthamangitsana ndi mpira. Ndipo masewero akatha, osewera a timu ya eni bwalo amabwera kudzaima pamzere kutsogolo kwa ife alendo, n'kuwerama manja ali pachifuwa, ife n'kuwaimbira, athu nawonso n'kupita kukachita chimodzimodzi mbali inayo. Mwambo umenewu ndauona m'mabwalo onse amene tapitako, kaya mpira unali wa ndewu chotani. Ku Phrae masapota awo anatiperekeza mpaka pa minibasi, wina n'kundiveka mpango wa timu yawo. Zoterezi pa TV suzipeza, ndipo popanda galimoto yako, njira yofikira kumeneko ndi kubwerako Lolemba lisanafike ndi minibasi ngati iyi basi.

Pobwerera tinayenda usiku wonse. Apa ndiye ndimutamande Lung. Sathamanga, kachipangizo kochenjeza liwiro kakangolira amachotsa phazi. Tulo tikamugwira amaima n'kugona pang'ono, osachita manyazi, ngakhale mayi adandaule. M'mapiri a pakati pa Den Chai ndi Uttaradit, mokhotakhota muja, ndinagona osaopa kanthu. Kuyambira ulendo umenewo, paliponse pamene taima amawerenga yekha, kutchula munthu aliyense, akafika pa ine amati "aphunzitsi alipo", minibasi yonse n'kuseka. Poyamba zinkandinyansa, pano ndimakweza dzanja.

Zina mwachidule. Ulendo wa ku Nakhon Si Thammarat, kum'mwera kwenikweni, anaulepheretsa kutatsala masiku awiri, akuti anthu achepa, ndipo ndalama sanabweze ngakhale phukusi limati masewero onse. Wa ku Chiang Mai anati tionjezere ya malo ogona, zomwe sanatchule pogulitsa. Madzi akumwa ndi kabotolo kamodzi kakang'ono ulendo wonse, kaya ndi wa ola limodzi kaya ndi wa ku Sisaket. Za ku Phrae nditalimbikira kudandaula anandipatsa kuchotsera kwa 200 baht pa ulendo wotsatira, ulendo umene ndinali nditalipira kale. Ndinamufunsa kuti ndiye andichotsera pa chiyani, anawerenga uthengawo osayankha.

Mwina ndisamuipitse kopitirira. Pamene mwana wa sapota wina anadwala m'mimba ku Chanthaburi, ndi mayi yemweyu amene anathamanga naye kuchipatala n'kuphonya mpira wonse. Amadziwa malo odyera abwino m'msewu uliwonse, ndipo sanatilowetsepo m'malo odula ofuna alendo. Vuto lake ndi loti akaona mpata wa ndalama ina, amene analipira kale amasanduka katundu, ndipo pakamwa pake mawu oti pepani satuluka.

Chonburi inatenga ligi n'kubwerera ku Thai League 1, limodzi ndi Ayutthaya United ndi Kanchanaburi Power imene inadutsa m'chipulula. Mayi watumiza kale uthenga wa phukusi latsopano, mtengo wakwera poti akuti tsopano ndi ku Buriram ndi ku Chiang Rai. Amene mukufuna kuyesa, lipirani ulendo umodziumodzi, funsani kuti mukwera anthu angati musanatumize ndalama, ndipo tikiti ya m'bwalo muione ndi maso musananyamuke. Pasipoti ikhale m'thumba la buluku ngakhale mukungopita kuchimbudzi. Ine phukusi sindigulanso. Anzanga angapo tagwirizana zobwereka minibasi ya Lung mwachindunji pa maulendo akutali, wavomera, ndipo tikagawana mtengo wa galimoto ndi mafuta aliyense akulipira zochepa kuposa za mayi uja. Pakadali mipando inayi.